Ndapopera, koma tintchentche toyera tikuulukabe

Funso: Alangizi, ndimalima matimati kudimba. Tintchentche toyera titandivuta ndinagula mankhwala olembedwa pyriproxyfen. Ndinapopera dzana, koma lero ndikagwedeza mtengo tikuulukabe mwee ngati kale. Kodi andigulitsa achinyengo? Mlimi, Ntcheu.

Yankho: Bambo, musathamangire kusitolo kukakalipa. Mankhwala amenewa sanapangidwe kuti agwetse tizilombo pompopompo. Ntchito yake ndi kudula mtundu.

Kachilombo kamakula pofundula khungu kangapo. M'thupi mwake muli timadzi totchedwa homoni, yomwe imakasunga paubwana, ndipo homoniyo ikatha m'pamene kamasanduka kakakulu, kamapiko, kotha kuswana. Pyriproxyfen amatengera homoni imeneyi, ndiye thupi limanamizika kuti nthawi yokula sinakwane. Ana omwe amamatira kunsi kwa tsamba amafa akuyesa kusanduka akuluakulu. Mazira ongoikiridwa kumene saswa, ndipo zazikazi zomwe zakhudza mankhwalawo zimaikira mazira osaswanso. Zomwe mukuziona zikuulukazo n'zazikulu kale, zidzafa nthawi yake ikakwana, koma zolowa m'malo mwake zidzachepa kwambiri.

Mbiri ya mankhwala otengera homoni ngati amenewa imandisangalatsa zedi. M'zaka za m'ma 1960, katswiri wina wa tizilombo wa mumzinda wa Prague ku Ulaya, Karel Sláma, anapita ndi tizilombo tina tomwe ankatifufuza ku yunivesite ya Harvard ku America kukagwira ntchito ndi katswiri mnzake, Carroll Williams. Kumeneko tizilomboto tinakana kukhwima, tinkangofundulanso n'kufa tisanaswane. Atafufuza anapeza kuti vuto linali mapepala omwe ankayala m'mabotolo: anali opangidwa ku mtengo wa balsam fir, womwe uli ndi madzi ofanana ndi homoni ija. Taonani, pepala chabe!

Tsono inuyo, lekani kuweruza poona zouluka. Dikirani masabata awiri, mutembenuze masamba a m'munsi, muone ngati ana aja akuuma osatuluka. Matimati omwe apinda kale masamba ndi matenda ofala ndi tintchentcheti muzule, chifukwa palibe mankhwala angawachiritse.

Chomwe ndikukupemphani kwambiri n'chakuti musawonjezere mlingo kapena kupopera mobwerezabwereza poganiza kuti sakugwira. Ku Israel, m'minda ya thonje ndi maluwa, tintchentche toyera tinayamba kupirira mankhwala omwewa m'zaka za m'ma 1990 atagwiritsidwa ntchito pafupipafupi. Tsatani zolembedwa pabotolo, ndipo muzisinthanitsa ndi mankhwala a mtundu wina. Pomaliza, popeza dimba lili pafupi ndi madzi, sipuleya yanu musatsukire mumtsinje. Tizilombo ta m'madzi tomwe nsomba zimadya timakulanso pofundula, ndipo mankhwalawa amatiwononga chimodzimodzi.