Agogo, ana ndi bambo okonda ndale pa TV imodzi: muike chiyani pa flash?

Mayi wina wa ku Luchenza wanditumizira imelo sabata yatha. Akuti achimwene awo abwera ndi TV yaikulu kuchokera ku Joni, ana atsekera sukulu, ndipo m'nyumbamo muli agogo osamva Chingerezi, ana atatu, ndi bambo amene sagona asanamve zandale. Akufunsa kuti pa flash aikepo chiyani choti onsewa aonere pa Khirisimasi popanda kulimbirana rimoti.

Mayi, ine muyeso wanga ndi agogo. Filimu ikawasunga agogo pampando mpaka kumapeto, ndiye kuti ena onsewo yawagwira kale. Ndinayesa zimenezi Disembala watha kwathu ku Chitakale, mvula itatitsekera m'nyumba, phiri losaoneka n'komwe.

Amene anapambana ndi Charlie Chaplin, ndipo sindinayembekezere. Ana atangoona kuti chithunzi ndi chakuda ndi choyera, anthu ake osayankhula, anayamba kung'ung'udza kuti TV yawonongeka. Sipanathe mphindi khumi onse anali atasendera kutsogolo. Tinaika The Gold Rush ya 1925. Muli malo ena pamene njala yawapana anthu awiri m'kanyumba, ndiye Chaplin waphika nsapato yake. Akuipakula mwaulemu ngati nyama ya alendo, kuithira msuzi, zingwe zake akuzipiringiza pa foloko, misomali akuiyamwa umodzi umodzi ngati mafupa a nkhuku. Agogo anaseka mpaka kutsokomola, chitenje kukamwa. Kenako anangoti zii, n'kunena kuti, "Ameneyu njala anaionapo." Sanalakwitse. Chaplin anabadwira ku London mu 1889, anakulira mu umphawi wadzaoneni, ndipo ali mwana anakhalako m'nyumba zosungiramo anthu osowa pogwira. Munthu wokhuta sangayamwe msomali mwa njira imeneija.

Tsiku lotsatira tinaika Modern Times ya 1936, momwe amagwira ntchito yomanga mabawuti pa lamba wa makina mpaka manja kumangogwedezeka okha ngakhale ataweruka. Malume anga, amene anagwira zaka zambiri mu fakitale ya tiyi, sanaseke kwenikweni. Ankangogwedeza mutu n'kumaloza kapitawo wa mufilimumo. Chinanso choti muwauze ana: Chaplin anamwalira tsiku la Khirisimasi lenilenilo, pa 25 Disembala 1977.

Mr Bean sindikufunika kukudziwitsani, aliyense amene analowapo mu vidiyo sho ku Limbuli kapena ku Bvumbwe amamudziwa. Chodabwitsa n'chakuti Rowan Atkinson, amene amasewera Bean, anangopanga zigawo 15 zokha, kuyambira 1990 mpaka 1995, koma timaona ngati zilipo mazana. Pezani cha Khirisimasi chija, pamene wotchi yamugwera m'mimba mwa nkhukundembo, iye n'kulowetsamo mutu kuti aifune, mutuwo n'kukaniriramo. Komabe ndinene maganizo anga: Bean amaseketsa kamodzi kapena kawiri, Chaplin amakutsatira mpaka kogona. Ndipo ngati mungapeze za Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi malemu Eric Mabedi, ikanimo. Nthabwala zawo zili m'Chichewa chenichenicho, ndiye pamenepo agogo ndi amene amayamba kuseka, ana n'kumafunsa kuti mwambiwo ukutanthauza chiyani.

Makatuni a Khirisimasi ndiye anandigwiritsa mwala pang'ono. Pafupifupi onse otchuka anapangidwa kumayiko kumene Disembala ndi nyengo yachisanu, ndiye muli chipale chofewa, majuzi ndi mitengo yaunyolo wa magetsi. Ife tikuonera thukuta lili kamukamu, ngumbi zikuzungulira babu, panja anthu akuchokera kopalira chimanga. Khirisimasi imene ana athu amaidziwa ndi ya mpunga wa nkhuku, zovala zatsopano ndi Sobo. How the Grinch Stole Christmas ya 1966 ndi yabwino, ya chilombo chobiriwira chimene chimaba mphatso za mudzi wonse, koma nkhani yake imayenda ndi ndakatulo ya Chingerezi, ndiye pamafunika wina womasulira ngati aja amalowetsa mawu a Chichewa m'mafilimu a ku msika. Ine ndinayesa, ndinatopa pakati.

Imene inagwira ndi The Snowman ya 1982. Siifika ndi theka la ola, ndipo mulibe kuyankhula kupatula nyimbo imodzi. Mnyamata waumba munthu wa chipale, usiku munthuyo wakhala wamoyo, auluka limodzi. Ndikuchenjezeni za mapeto ake: m'mawa dzuwa litatuluka mnyamatayo akupeza mnzakeyo atasungunuka, pangotsala chipewa ndi mpango. Mdzukulu wa achemwali anga, wa zaka 5, analira mpaka tinachita kumunyengerera ndi nanazi. Agogo anamuuza kuti n'chimodzimodzi ng'ombe zadothi zimene amaumba kudambo, mvula ikabwera zimapita. Zikavuta ikani Tom and Jerry basi. Mphaka ndi mbewa amenewa akhala akuthamangitsana kuyambira 1940, ndipo kagawo kalikonse n'kakafupi, kothandiza magetsi akazima mukudalira batire ya sola.

Tsopano za bambo. Izi dikirani ana agone, ndipo musayembekeze kuti agogo akhalapo, chifukwa masewero andale ndi mawu okhaokha. The West Wing, imene inaonetsedwa kuyambira 1999 mpaka 2006, ndi ya pulezidenti wopeka wa ku America, Martin Sheen ndiye amasewera. Anthu ake amayankhula mothamanga uku akuyenda m'makonde, moti popanda mawu olembedwa pansi paja mungomva phokoso. Ndi yokoma, koma aliyense mmenemo ndi wanzeru, wolimbikira ndiponso wa mtima wabwino. Ine ndinaionera ngati nthano ya kalulu. House of Cards ya 2013 inapita mbali inayo, aliyense ndi njoka, ndipo muli zina zoti simungaonere pamodzi ndi apongozi.

Imene ndingawapatse bambowo poyamba ndi Yes Minister ya ku Britain, yoyamba mu 1980. Ndi nthabwala, koma yandale kuposa zinazo. Nduna yatsopano, Jim Hacker, yabwera ndi malonjezo, pamene mlembi wamkulu wa undunawo, Sir Humphrey, amavomera chilichonse mwaulemu kwinaku akuonetsetsa kuti palibe chimene chisinthe. Aliyense amene anayendapo ndi fayilo kuchoka pa desiki ina kupita pa ina n'kumauzidwa kuti "mubwere mawa, abwana ali ku msonkhano" aseka mowawidwa. Ikatha imeneyo yesani Borgen ya ku Denmark ya 2010, ya mayi amene wakhala nduna yaikulu mosayembekezeka, akulimbana ndi boma la mgwirizano wa zipani uku banja likugwedezeka.

Kungoti ife a kuno sewero landale silitidzidzimutsa msanga. Zisanathe zaka ziwiri Borgen itatuluka, tinadzionera tokha mu Epulo 2012: Bingu wa Mutharika wamwalira pa 5, dziko lili m'manong'onong'o, pa 7 Joyce Banda akulumbira, kenako maliro kudzagona ku Ndata konkuno ku Thyolo. Pa 3 Febuluwale 2020 tinakhala tsiku lathunthu khutu lili pa wailesi, majaji asanu akuwerenga chigamulo chofafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019. Ndipo mwana wa ku Mulanje konkuno, Michael Usi, amene tinkamuseka ngati Manganya mu Tikuferanji, anadzakhala wachiwiri kwa pulezidenti mu Juni 2024. Wolemba sewero akanalemba zimenezo tikanati wawonjeza.

Ndiye pa flash yanuyo yambani ndi Chaplin nthawi ya chakudya chamadzulo, makatuni akhale a masana mvula ikamagwa, zandale zikhale za usiku. Popita kokaikitsa mafilimu mumuuze mnyamata wa pa kompyutayo akutsegulireni iliyonse muione kaye. Ine ulendo woyamba ndinafika kunyumba, banja lonse lakhala pa mkeka, n'kupeza kuti mu foda yolembedwa Chaplin muli mafilimu a karate.