Ndiyang'ane dzina la foni kapena Android ndi iOS?

Wowerenga wina wandilembera imelo: "Ndikufuna kugula foni yatsopano. Chofunika kwambiri n'chiti, kampani yopanga foniyo kapena pulogalamu yoiyendetsa?"

Ku iPhone funso lanu silivuta, poti wopanga foni ndi mwini iOS, pulogalamu yoiyendetsa, ndi mmodzi, Apple. Mutu umaima tikafika ku Android, pulogalamu ya Google yomwe imayendetsa mafoni a makampani osiyanasiyana.

Taonani zomwe zinagwera Nokia. Mu 2011 inasankha pulogalamu ya Microsoft yotchedwa Windows Phone m'malo mwa Android. Mafoni ake a Lumia anali olimba, kamera yake osanena, koma ukafufuza ma app omwe anzako akugwiritsa ntchito, ambiri kunalibe. Dzina lotchukalo silinaletse anthu kuthawa. Huawei nayo inaona zakuda mu 2019 boma la America litailetsa kuchita malonda ndi makampani akumeneko: foni yake ya Mate 30 inatuluka yopanda Play Store, Gmail ndi YouTube, ndipo ogula ambiri akunja kwa China anabwerera m'mbuyo. Munthu amati akukonda dzina, koma mum'chotsere ma app ake muone.

Mukasankha Android, m'pamene wopanga amakula mphamvu. Google imatulutsa Android yatsopano chaka ndi chaka, koma kuti ifike m'foni mwanu zili kwa kampani yomwe inapanga foniyo. Apa ndiye ndinapsa. Ndinagula foni ina poona sikirini yaikulu ndi makamera atatu kumbuyo. Inalandira update imodzi basi, kenako zii. Tsiku lina app ya banki inangoti Android yanga yakalamba, pomwe foni inalibe ngakhale kachipsera, batire ikugwirabe tsiku lonse. Ili mudilowa mpaka lero, ndipo ndikaiona ndimakwiyabe.

Makampani ena asintha. Google inalonjeza ma update a zaka 7 pa Pixel 8 mu 2023, Samsung inatsatira ndi Galaxy S24 mu 2024. Koma musanyengeke, mafoni otchipa a kampani yomweyo sapatsidwa zaka zofanana. Wopanga ndiyenso amadzaza foni ndi ma app osafufutika ndi zotsatsa malonda, ena mpaka kunyansa.

Ndiye ngati ma app anu, zithunzi ndi manambala zili kale ku Android, khalani komweko, kusamuka n'chintchito. Pogula, lowani mu Settings muone kuti ndi Android yanji, mufunsenso kuti mtundu umenewo udzalandira ma update mpaka chaka chiti. Wogulitsa akayamba kukanda mutu n'kumakuonetsani kamera, fufuzani nokha pa intaneti musanatulutse ndalama.