Kodi madzi otentha angachotse phula mumchenga?

Achimwene ena a ku Zomba, omwe amagwira ntchito yokonza misewu, anditumizira imelo. Anamva kuti ku Canada amakumba mchenga n'kuutsuka ndi madzi otentha kuti apeze mafuta. Iwo akukayika, poti phula likamata pa fosholo, madzi owira salichotsa.

Achimwene, n'zoona ndithu, ndipo fosholo yanuyo itithandiza kumvetsa. Mchengawu uli m'chigawo cha Alberta, m'mbali mwa mtsinje wa Athabasca, kufupi ndi tawuni ya Fort McMurray. Ndi wakuda bii, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 ndi phula, lomwe amapangira mafutawo. Kalekale anthu a mtundu wa Cree ankamata nalo mabwato awo. Koma nachi chomwe maso sangaone: kamchenga kalikonse n'kokutidwa ndi kamadzi kochepa zedi, phulalo lili kunja kwa madziwo. Pa fosholo yanu phula lagwira chitsulo chouma. Ku Athabasca silinakhudze n'komwe mchenga weniweniwo. N'chifukwa chake ku Utah, ku America, komwe phula lidamatirira mchenga mwachindunji, njira yomweyi imavuta.

Amene adakonza njira ya madzi otenthayi ndi wasayansi Karl Clark, ndipo idalembetsedwa kuboma mu 1929. Amaphwanya zibuma, kuthira madzi otentha, nthawi zina ndi caustic soda pang'ono, yemwe uja opanga sopo amagwiritsa ntchito, n'kuvundula kolimba. Phula limafewa, kusiyana ndi mchenga, n'kukakamira ku timpweya tomwe timalikweza pamwamba ngati thovu. Mchenga umamira. Thovulo amaliwengula, kulisungunula ndi mafuta opepuka otchedwa naphtha, n'kuchotsamo madzi ndi dothi lotsala. Poyamba madzi ankafika madigiri 80. Masiku ano ambiri amatsitsa mpaka 40 kapena 50 pofuna kusunga mphamvu. Clark adamwalira mu 1966, ndipo fakitale yoyamba yaikulu, ya Great Canadian Oil Sands, yomwe lero ndi Suncor, idatsegulidwa chaka chotsatira. Zimandikhudza kuti sadaione.

Chondidetsa nkhawa ine ndi zotsala. Kuti apeze mgolo umodzi wa mafuta wa malita 159, amakumba pafupifupi matani 2 a mchenga. Madzi otsukira amatuluka ndi dongo losalala lomwe silidikha msanga. Limatha zaka makumi lili ngati phala, litasakanikirana ndi phula lotsalira komanso asidi wopha nsomba. Amalisunga m'maiwe akuluakulu. Mu 2008 abakha oposa 1,600 adatera pa dziwe la kampani ya Syncrude n'kufa, ndipo mu 2010 khoti lidalamula kampaniyo kulipira madola a Canada 3 miliyoni. Anthu a ku Fort Chipewyan, kumunsi kwa mtsinjewo, akhala akudandaula za madzi ndi nsomba zawo kwa zaka zambiri.

Dziwaninso kuti madzi otenthawa amathandiza pa mchenga wokumbika wokha, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 a phula lonse lakumeneko. Lozama kwambiri amaliwotcha ndi nthunzi pansi pomwepo, n'kulipopa ndi mapaipi.