Kodi nyumba za ku Japan ndi zawodi, kapena anangotengera kwa eni?

Mmodzi wa inu wanditumizira imelo sabata yathayi. Akuti anaona zithunzi za akachisi a mumzinda wa Kyoto ku Japan ndi a ku China, ndipo analephera kuwasiyanitsa. Ndiye wafunsa kuti, "Kodi Ajapani ali ndi kamangidwe kawokawo, kapena zonse ndi zobwereka?" Zikomo achimwene, funsoli landikondweretsa kwambiri.

Kubwereka anabwerekadi, ndipo sabisa. Chipembedzo cha Chibuda chinafika ku Japan m'zaka za m'ma 500 kudzera mu ufumu wa Baekje wa ku Korea. Mu 588 amisiri ochokera kumeneko, kuphatikizapo oumba matailosi, anabwera kudzathandiza kumanga kachisi wa Asuka-dera. Kale Ajapani ankakumba dzenje, n'kuzika mzati m'dothi, n'kufolera ndi udzu kapena makungwa. Alendowo anabwera ndi nzeru ina: denga la matailosi ndi lolemera, choncho mzati uziima pamwala wosalala, osakhudza dothi, kuti usawole msanga. Ndi chifukwa chake kachisi wa Horyu-ji, amene anamangidwanso atapsa mu 670, adakalipo mpaka lero ndipo ali m'gulu la nyumba zamatabwa zakale kwambiri padziko lonse.

Koma kamangidwe kakale sikanafe. Ku Ise, kachisi wamkulu wa Chishinto (chipembedzo cha makolo cha Ajapani) mizati yake imazikidwabe pansi, denga n'la udzu, ndipo amamanga watsopano pambali pake n'kugwetsa wakaleyo pakatha zaka 20 zilizonse. Komaliza anachita zimenezi mu 2013.

Pa mizinda m'pamene nkhaniyi imandikoma. Malikulu akale a Japan, Nara (womangidwa mu 710) ndi Kyoto (mu 794), anawajambula potengera Chang'an, likulu la mafumu a Tang ku China: nyumba ya mfumu kumpoto, msewu waukulu wa Suzaku kutsika pakati kulowera kumwera, misewu ina yowongoka kudutsana ngati mizere ya bawo. Suzaku wa ku Kyoto m'lifupi mwake munali mamita oposa 80. Komatu Chang'an anali wozunguliridwa ndi linga lalitali, pomwe Kyoto sanamuzungulize linga lotere. Kenaka dothi linanena zake. Mbali ya kumadzulo inali ya madambo, anthu anaithawa pang'onopang'ono, mzinda n'kusendera kum'mawa, kufupi ndi mtsinje wa Kamo. Msewu umene unali pakati unadzatsalira m'mphepete. Komabe mizere ija ikadali pakamwa pa anthu. Mukafunsa njira ku Kyoto amatchula pamene misewu iwiri yakumana, n'kunena kuti "agaru", kwera, kutanthauza kumpoto, kapena "sagaru", tsika, kutanthauza kumwera, chifukwa kumpoto n'kumene kunkakhala mfumu.

Kamangidwe ka Azungu kanafala mochedwa, mu ulamuliro wa mfumu Meiji. Moto utawononga dera la Ginza ku Tokyo mu 1872, boma linapatsa ntchito Thomas Waters, mmisiri wa ku Ireland, kuti amange nyumba zanjerwa ngati za ku Ulaya. Zinkaoneka bwino, koma m'nyengo yamvula munkachita chinyontho, ndipo zambiri zinakhala nthawi opanda wolowamo. Chivomezi cha 1923 chinadzawononga dera lonselo. Amene anasiya chokhalitsa ndi Josiah Conder, Mngelezi amene anafika mu 1877 kudzaphunzitsa. Wophunzira wake, Tatsuno Kingo, ndiye anajambula siteshoni ya sitima ya Tokyo ya njerwa zofiira, yotsegulidwa mu 1914.

Choncho achimwene, bwererani ku zithunzi zanu zija. Muone ngati matabwa ndi opakidwa utoto wowala kapena asiyidwa ndi khungu lawo, ngati denga ndi la matailosi kapena la makungwa a mtengo wa hinoki, komanso ngati pansi ndi pa miyala poyenda ndi nsapato kapena pa matabwa okwezeka povula nsapato. Kawirikawiri zoyambazo zimaloza ku China, zachiwirizo ku Japan. Mukazindikira zimenezi mundilemberenso, tidzakambirane za minda ya m'makachisi a Chibuda cha Zen.