Masewera amene angathandize galu wosakhazikika

Amayi, mwafunsa za galu wanu wa miyezi 10 amene mumapita naye koyenda tsiku lililonse, koma akabwerako amatafuna nsapato, kukumba mayenje pabwalo ndi kuyendayenda osakhala pansi, ndipo mukufuna kudziwa masewera amene angamutopetse. Ena akuyankhani kale kuti muzimuthamangitsa kwambiri. Ine ndikuona mosiyana pang'ono, chifukwa galu akamathamangitsidwa tsiku ndi tsiku thupi lake limalimba, ndipo pakapita masabata angapo mtunda umene unkamutopetsa sumuchitanso kanthu. Chimene galu wa msinkhu umenewu amasowa kawirikawiri ndi ntchito ya mphuno ndi ya nzeru, ndipo masewera abwino ndi amene amamupatsa ntchito imeneyi ali pamodzi ndi inu.

Ndiyambire pa mphuno, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. M'mphuno mwa munthu muli tizigawo tomvera fungo pafupifupi 6 miliyoni, pamene agalu ena, monga a mtundu wa Bloodhound, ali nato tofika 300 miliyoni. Mukayang'anitsitsa mphuno ya galu wanu mudzaona timipata tong'ambika m'mbali mwake, ndipo mpweya umene amatulutsa umadutsa pamenepo, kotero kuti sauluza fungo limene akulitsata kutsogolo kwake. Chiwalo choterechi chimafuna kugwira ntchito, koma ife timachimana ntchitoyo pomuikira chakudya m'mbale, iye n'kumaliza m'mphindi 2, tsiku lonse n'kukhala wopanda chochita.

Choncho masewera oyamba ndi ofufuza chakudya. Tapaniko pa chakudya chimene amadya kale pa tsikulo, osati chowonjezera, mumukhazike pansi kapena wina amugwire, muponye kachidutswa kamodzi pafupi iye akuona, kenaka munene mawu amodzi, monga akuti "Fufuza", ndi kumusiya apite. Mukabwereza kangapo adzadziwa kuti mawuwo akutanthauza kuti pansi pali chinthu. Akazolowera, mwazani chakudyacho mu udzu kuti maso asamuthandizenso, ndipo pambuyo pake muzimutsekera kaye kwina, inu n'kubisa tizidutswa kuseri kwa mwendo wa mpando, pansi pa katoni, m'thaulo lokulungidwa kapena pamwamba pa mwala. Muimirire chapatali muone mmene amagwirira ntchito. Amayamba ndi kuthamanga uku ndi uku mutu uli m'mwamba, kenaka mutu umatsika, pakamwa pamatsekeka, mumayamba kumva kununkhiza kwafupipafupi, ndipo akadutsa pamene fungo likuyenda amaima mwadzidzidzi, kutembenuka, n'kulitsata mokhotakhota mpaka kufika pomwe pali chinthucho. Pa nthawi imeneyi musamuloze ndi chala ngakhale mukuona kuti wadutsa pafupi penipeni, pakuti galu wozolowera kulozeredwa amasiya kukhulupirira mphuno yake n'kumangoyang'ana dzanja lanu. Akalephera kwa nthawi yaitali, ndiye kuti mwabisa movuta msanga, ndipo ulendo wotsatira muchepetseko. Mphindi 10 kapena 15 za masewerawa n'zokwanira, ndipo agalu ambiri akamaliza amamwa madzi n'kukagona.

Kukakhala mvula mungachite zomwezi m'nyumba ndi makapu 3 apulasitiki ovundikira, chakudya chili pansi pa kapu imodzi, inu n'kumawasinthasintha malo. Akakhudza kapu yoyenera ndi mphuno kapena ndi phazi, muivundukule.

Chibisalirano ndi masewera omwewa, kungoti chofufuzidwacho ndinu. Munthu wina amugwire, inu mukabisale kuseri kwa chitseko kapena kwa mtengo, mumuitane dzina kamodzi kokha, ndipo akakupezani musangalale naye moonekeratu ndi kumupatsa mphotho. Ndimakonda masewerawa chifukwa amaphunzitsa galu chinthu chimene tsiku lina chingapulumutse moyo wake, ndicho kubwera akaitanidwa. Galu amene amaitanidwa pokhapokha akamamangidwa, kusambitsidwa kapena kukalipiridwa amaphunzira kuti dzina lake limabweretsa zoipa, koma amene wachita chibisalirano kwa miyezi ingapo amathamangira mawu anu asanaganize n'komwe. Ana akhoza kusewera nawo, malinga pakhale munthu wamkulu, ndipo muwauze kuti asamathawe akukuwa, chifukwa zimenezi zimadzutsa mtima wothamangitsa ndi kugwira ndi mano.

Za kukokana chingwe ndikufuna ndifotokoze bwino, popeza ndaona wina wakuchenjezani kuti zimachititsa galu kukhala wolusa ndiponso kudziona ngati wamkulu kuposa mwini wake. M'chaka cha 2002, Nicola Rooney ndi John Bradshaw ku England anayesa nkhaniyi pa agalu a mtundu wa Golden Retriever, galu aliyense akumaloledwa kupambana pa maulendo ena, pa maulendo ena akumagonja, ndipo sanapeze kuti kupambanako kunawachititsa kudzikweza pamaso pa munthu. Chimene chimafunika ndi malamulo. Chingwe chizikhala kwa inu, masewera aziyamba mukanena kuti "Gwira", ndipo azisiya mukanena kuti "Siya". Pophunzitsa kusiya musalimbane naye kapena kumukanula pakamwa. Ingogwirani chingwecho chilili, mutachipanikiza pa bondo lanu kuti chisagwedezeke, ndipo iye akaona kuti chasiya kukoma adzatsegula pakamwa, inu nthawi yomweyo mumuyamikire n'kumuuza agwirenso. Apa amaphunzira kuti kusiya sikuthetsa masewera, ndipo phunziro limeneli mudzalifuna tsiku limene adzatole chinthu choopsa panjira. Muzikokera m'mbali chingwe chili m'munsi, osamunyamula m'mwamba, pofuna kuteteza khosi ndi mano. Dzino likangokhudza dzanja lanu, ngakhale mwangozi, masewera aime kwa kanthawi popanda kumumenya kapena kumukalipira. Kubangula pang'ono pokokana si chizindikiro cha mkwiyo ngati thupi lili lomasuka, mchira ukugwedezeka, ndipo nthawi zina akugwetsa chifuwa pansi miyendo yakutsogolo atatambasula, kumbuyo kuli m'mwamba, komwe ndi kuitanira masewera kwa agalu. Thupi likauma, maso n'kuima malo amodzi, milomo n'kukwera, pamenepo muleke, ndipo zikamachitika kawirikawiri mufunse katswiri wophunzitsa agalu.

Kuponya mpira aliyense amakudziwa, choncho ndingonenapo zochepa. Mukhale ndi mipira 2 yofanana, kuti akabwera ndi woyamba mumuonetse wachiwiri, iye alavule yekha umene ali nawo. Mpira ukhale waukulu moti sungalowe kukhosi, ndipo ngati mungasankhe mtundu, tengani wabuluu kapena wachikasu. Kafukufuku wa Jay Neitz ndi anzake ku California mu 1989 anaonetsa kuti maso a galu amazindikira bwino mitundu iwiri imeneyi, pamene chofiira ndi chobiriwira zimamusokoneza, n'chifukwa chake mpira wofiira umamusowa mu udzu inu mukuuona bwinobwino. Ndodo musamuponyere, chifukwa ikazikika pansi galu akuithamangira kukamwa kuli yasa imatha kumubaya m'kamwa kapena kukhosi. Komanso musamuponyere mpira maulendo ambirimbiri motsatizana, popeza mafupa a agalu, makamaka a mitundu ikuluikulu, amapitiriza kukula mpaka miyezi 12 kapena 18, ndipo kuima mwadzidzidzi ndi kudumpha mobwerezabwereza kumavulaza mfundo za miyendo. Njira yabwino ndi kumuuza adikire, inu n'kuponya mpira mu udzu wautali, kenaka n'kumutuma akaufufuze. Pa chifukwa chomwechi, masewera odumpha ndi kuzungulira zotchinga, amene anayamba kuonetsedwa pa chionetsero cha agalu cha Crufts ku London mu 1978, mungawayambe ndi mtengo wa tsache wogonekedwa pansi ndi mipando yoti azidutsa pansi pake, koma zodumpha zazitali zidikire akhwime.

Mwatchula za kukumba ndi kutafuna, ndipo zimenezi sizitha ndi kuletsa kokha, chifukwa ndi chibadwa. Sankhani ngodya imodzi ya pabwalo, mufewetse dothi kapena muthirepo mchenga, mukwiriremo choseweretsa chake mosazamitsa iye akuona, ndipo muzimuyamikira akakumba pamenepo. Mukamupeza akukumba kwina, mumuitane ndi kupita naye pa ngodya yakeyo. Zotafuna mumupezere zake, monga zoseweretsa za mphira wolimba zokhala ndi bowo loikamo chakudya, ndipo musamupatse zonse nthawi imodzi, koma muzisinthasintha pakapita masiku angapo kuti zisamukole. Nsapato yakutha musamupatse ngati choseweretsa, chifukwa kwa iye yakutha ndi yatsopano zonse zimanunkha phazi lanu.

Akazolowera zonsezi mungayambe kumuphunzitsa mayina a zoseweretsa zake. Galu wina wa mtundu wa Border Collie wotchedwa Chaser, amene anaphunzitsidwa ndi John Pilley ku South Carolina, anadziwa mayina a zinthu 1,022, ndipo wina wa mtundu womwewo wotchedwa Rico ku Germany ankadziwa oposa 200. Amenewa anali agalu apadera, ndipo wanu sayenera kufika pamenepo kuti apindule. Yambani ndi chinthu chimodzi, muzitchula dzina lake nthawi zonse pamene akuchigwira, ndipo pakapita masiku muike china pambali pake n'kumutuma chimene akuchidziwacho. Mudzaona akuima pakati pa zinthu ziwirizo, makutu ali tcheru, akuyang'ana ichi ndi icho asanasankhe, ndipo kuganiza kumeneko n'kumene kumamutopetsa. Maphunziro otere azikhala a mphindi 5, ndipo muzilekeza akadali ndi chidwi.

Pali zinthu zingapo zoyenera kusamala. Galu satuluka thukuta thupi lonse ngati munthu, amadziziziritsa makamaka popuma mwawefuwefu lilime lili kunja, choncho masewera othamanga azichitika m'mawa kapena madzulo, madzi akumwa ali pafupi, ndipo agalu a mphuno zazifupi monga Pug ndi Bulldog amafuna kusamalidwa koposa. Lilime likatuluka kwambiri n'kutambasuka, dovu likuyenderera, iye akudzandira kapena kufunafuna mthunzi, muleke nthawi yomweyo, mumuthire madzi ozizira, ndipo ngati sakutsitsimuka muthamangire naye kwa dokotala wa ziweto. Akangodya kumene asathamange kufikira patapita ola limodzi kapena kuposerapo, makamaka agalu a chifuwa chakuya monga Great Dane ndi German Shepherd, amene chifu chawo chimatha kutupa n'kupotokola. Pa mphotho musagwiritse ntchito chokoleti, mphesa kapena chilichonse chokhala ndi anyezi, chifukwa zimenezi ndi poizoni kwa agalu. Kuwala kwa katochi ka laser kumene ena amathamangitsira agalu ndikukupemphani mukupewe, popeza galu amathamangira chinthu chimene sadzachigwira, ndipo ena amatsala ndi chizolowezi chothamangitsa zithunzithunzi ndi kuwala kulikonse.

Masewera aliwonse azikhala ndi mathero odziwika. Nenani mawu amodzi, monga akuti "Tatha", musunge mpira kapena chingwe pamalo amene sangafike, kenaka mumupatse chotafuna pamalo ake ogona. Galu wamng'ono amafuna tulo tambiri masana, ndipo amene akudumphira anthu ndi kuluma zovala pambuyo pa masewera kawirikawiri amakhala atatopa mopitirira, ngati mwana amene walephera kugona, choncho chomuthandiza ndi malo abata osati masewera ena. Mukadzaona kuti wasiya mwadzidzidzi kukonda masewera amene ankawakonda, akutsimphina, kapena akugwetsa choseweretsa akangochigwira ndi mano, musamukakamize, mupite naye kwa dokotala wa ziweto akamuone miyendo ndi m'kamwa.