Wosewera wotchipa koma wopindulitsa mu AFL Fantasy timamudziwa bwanji?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa m'bale wathu wina amene akukhala ku Perth, ku Australia. Akuti anzawo a kuntchito awalowetsa mu ligi yawo ya AFL Fantasy, gemu ya pa intaneti imene munthu amasankha osewera enieni a mu AFL (ligi yaikulu ya mpira wa Australian rules) n'kumalandira mapointi malinga ndi mmene asewerera, ndipo ndalama zogulira osewera zimene gemuyo imapereka zawathera atangotenga akatswiri otchuka owerengeka. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi osewera amene anthu sawawerengera, otchipa koma opindulitsa, ndi ati? Nanga ndingawazindikire bwanji sizoni isanayambe?"

Achimwene, zikomo kwambiri polemba. Tiyambe ndi kulekanitsa zinthu ziwiri zimene zili m'funso lanu. Pali wosewera amene sayamikiridwa mokwanira pa ntchito imene amagwira pabwalo, ndiye palinso wosewera amene mtengo wake mu Fantasy ndi wotsika poyerekeza ndi mapointi amene abweretse. Kawirikawiri awa amakhala anthu awiri osiyana. Taonani Harris Andrews wa Brisbane Lions. Anatengedwa pa nambala 61 pa draft (pamene matimu amasankha osewera atsopano motsatizana) ya 2014, ndi mmodzi mwa otseka kumbuyo apamwamba kwambiri mu AFL, ndipo anali mmodzi mwa makaputeni awiri pamene Brisbane inatenga chikho mu 2024 ndi 2025. Koma ntchito yake yaikulu ndi kumenya mpira ndi chibakera kuti wakutsogolo wa timu ina asauwakhe, ndipo mu AFL Fantasy chibakera chimenecho sichipereka pointi ngakhale imodzi. Kochi aliyense angamufune, koma inu ndalama zanu zisapite pamenepo.

Mapointi ake amayenda chonchi: kick (kumenya mpira ndi mwendo) 3, handball (kupatsira mpira poumenya ndi chibakera uli m'dzanja) 2, mark (kuwakha mpira womenyedwa ndi mwendo usanagwe pansi) 3, tackle (kugwira mdani amene ali ndi mpira) 4, chigoli 6, behind (mpira ukaphonya golo n'kudutsa pakati pa mtengo wa golo ndi wa m'mbali) 1, hitout (kugunda mpira ndi dzanja woyimbira akauponya m'mwamba) 1. Free kick imene wosewera wapatsidwa ndi pointi imodzi, imene wapalamula amamuchotsera 3. Gemuyi siyang'ana ngati mpira wafika kwa mnzake kapena wapatsira mdani, imangowerenga kuti waugwira kangati. SuperCoach, gemu ina yofanana nayo, ndi imene imayang'ana ubwino wa kaseweredwe, choncho malangizo a gemu imeneyo musamangowatenga mmene alili.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Wakutsogolo amene wagoletsa zigoli zinayi ndi behind imodzi, wamenya mpira ka 8, handball ziwiri, mark zisanu ndi tackle imodzi, ali ndi mapointi 72. Mawa lake chithunzi chake chidzakhala mu nyuzipepala. Wakumbuyo amene palibe akumukamba, koma wamenya mpira ka 20, handball 6, mark 8 ndi tackle ziwiri, ali ndi 104. Mukamvetsa masamu amenewa, maso anu achoka pa ogoletsa zigoli n'kupita kwa anthu amene mpira umadutsa m'manja mwawo pafupipafupi.

Tsopano mtengo. Mtengo woyambira wa wosewera umachokera pa avereji yake ya sizoni yatha. Kunena kwina, mtengo umafotokoza ntchito imene ankagwira chaka chatha, pamene mapointi amene inu mulandire achokera pa ntchito imene apatsidwe chaka chino. Phindu lonse lili pa kusiyana kumeneku. N'chifukwa chake mndandanda wa mayina sukhalitsa: amene anali wotchipa chaka chatha, chaka chino akugulitsidwa pa mtengo wake weniweni. Kuti mudziwe kuti wosewera wayikidwa pa avereji yanji, tengani katswiri mmodzi amene anasewera sizoni yonse, gawani mtengo wake ndi avereji yake, ndipo nambala imene mwapezayo mugawire mtengo wa wosewera wina aliyense. Mukapeza kuti mtengo wake ukufanana ndi avereji ya 70, funso ndi lakuti: kodi chilipo chifukwa chogwirika chakuti afike pa 90? Kwa wosewera wa mtengo wapakati, ine ndimaona kuti kusiyana kosafika mapointi 20 sikukwanira, chifukwa akangokwera ndi 8 kapena 10 mwangotaya malo amene akanakhala a rookie (wosewera watsopano wotchipa kwambiri) wokupangirani ndalama.

Chifukwa chogwirika kwambiri, chimene sichinamiza kawirikawiri, chimapezeka kwa ma ruckman, osewera aatali aja amene amalimbirana mpira woyimbira akauponya m'mwamba. Ruckman akakhala yekha m'timu amatsatira mpira bwalo lonse, amatola ma hitout ambirimbiri, kuphatikizapo ma tackle ndi ma mark. Akakhala awiri, mmodzi amatumizidwa kutsogolo kukadikira mpira, ndipo mapointi a onse awiri amatsika. Paddy Ryder atapuma kumapeto kwa 2022, Rowan Marshall anatsala yekha ku St Kilda ndipo 2023 inali sizoni yake yaikulu. Todd Goldstein atachoka ku North Melbourne kupita ku Essendon kumapeto kwa 2023, Tristan Xerri, amene ankangokhala wachiwiri, anatenga ntchito yonse mu 2024 ndipo avereji yake inapitirira 100. Nkhani ya Brodie Grundy imasonyeza mbali zonse ziwiri. Ku Collingwood anasankhidwa mu timu ya All-Australian (ya osewera opambana onse a sizoni) mu 2018 ndi 2019. Mu 2023 anapita ku Melbourne kukagawana ntchito ndi Max Gawn, zinthu sizinayende, mpaka anatsitsidwa kukasewera mu VFL, ligi ya pansi pa AFL. Mu 2024 anapita ku Sydney monga ruckman woyamba, mtengo wake uli wa chaka choipa chija. Munthu ndi yemweyo, chinasintha ndi ntchito. Ndiye chaka chilichonse, nthawi yosinthana osewera ikatha mu Okutobala, lembani matimu onse 18 ndi ma ruckman awo, muone amene watsala yekha.

Malo ena a phindu ndi half-back, mzere wa otseka kumbuyo amene amayambitsa mpira kupita kutsogolo. Wosewera wa pamenepo nthawi zambiri sakhala ndi mdani womukakamira, amalandira mipira yaifupi imene imamupatsa mark kenako kick, ndiye kuti mapointi 6 pa mpira umodzi wosavutikira. Kuyambira 2019 lamulo la kick-in linafewetsedwa: timu ina ikapeza behind, wobwezera mpira amatha kungotuluka m'kabokosi ka pagolo n'kuthamanga nawo, ndipo akaumenya ali kunja kwa kabokosiko umawerengedwa ngati kick. Ndiye musangofunsa kuti ndani amamenya ma kick-in m'timumo, funsaninso ngati amatuluka m'kabokosi, chifukwa womenyera mkati sapeza kanthu. Jack Sinclair wa St Kilda, amene analowa mu AFL kudzera pa rookie draft (ya osewera otsala pa draft yaikulu), anali wosewera wamba kwa zaka zingapo. Atamusamutsira kumbuyo mu 2021 anasanduka munthu wina, mpaka kulowa mu All-Australian mu 2022 ndi 2023. Harry Sheezel anatengedwa ndi North Melbourne pa nambala 3 mu 2022 monga wakutsogolo, koma anamuyika pa half-back, ndipo pa masewero ake oyamba enieni mu 2023 anagwira mpira ka 34. Amene anaonetsetsa pamene ankamuseweretsa asanayambe sizoni anamugula pa mtengo wa mwana watsopano.

Kusamukira pakati nakonso kumakweza mapointi. Chiwerengero choti muzichifufuza ndi CBA, chimene chimasonyeza kuti wosewera analipo kangati pakatikati pa bwalo pamene mpira ukuyambitsidwa, poyamba pa kota kapena chigoli chikalowa. Timu iliyonse imaloledwa anthu anayi okha pamenepo, mmodzi ndi ruckman, choncho malo ndi atatu. Amene wachoka pa 20 peresenti n'kufika pa 70 ndiye kuti kochi wamupatsa udindo watsopano. Rory Laird wa Adelaide anali wakumbuyo wa All-Australian mu 2017 ndi 2018, anasamukira pakati mkati mwa 2020, ndipo pofika 2022 avereji yake inali pafupifupi 120. Phindu lowonjezera limabwera pamene gemu ikumulembabe munthu ngati wakumbuyo kapena wakutsogolo iye akusewera pakati. Pa osewera 30 amene mumasankha, 22 ndi amene amabweretsa mapointi: 6 kumbuyo, 8 pakati, ma ruckman awiri ndi 6 kutsogolo. Wosewera pakati amene mungathe kumuyika pa malo a kutsogolo amakupatsani mapointi amene akutsogolo enieni sangafikepo.

Za ovulala ndinena mwachidule. Amene sanakwanitse masewero 10 sizoni yatha amatsitsidwa mtengo, ndipo amene sanasewereko chaka chonse amatsitsidwa ndi 30 peresenti. Sam Docherty wa Carlton, atakhala panja 2018 ndi 2019 chifukwa cha bondo, anabwerera mu 2020 ali wotchipa chonchi. Koma mtengo wotsika suchiritsa bondo. Muone ngati munthuyo wachita nawo mokwanira zokonzekera sizoni, komanso kuti akuthera nthawi yochuluka bwanji pabwalo. Amene akumupumitsapumitsa moti sakufika 70 peresenti ya nthawi ya masewero sangabweze avereji yake yakale, ndipo wovulala minofu ya kuseri kwa ntchafu mobwerezabwereza ndi bwino kungomusiya.

Ma rookie ndi amene amalipirira akatswiri anu. Ntchito yawo ili ngati chimanga chogula nthawi yokolola: mumagula chotchipa kuti mudzagulitse mtengo ukakwera. Pa iwowa chofunika si luso koma kuti asewere sabata iliyonse, chifukwa mtengo susuntha munthu akapanda kusewera. Apa anthu ambiri amathamangira anyamata a zaka 18 amene atengedwa pa manambala oyambirira, omwenso ndi odulirapo, n'kusiya akuluakulu ochokera m'maligi a m'zigawo, VFL, SANFL ndi WAFL. Amenewa matupi awo ndi okhwima kale, ndipo timu imawatenga kuti atseke dzenje lero, osati zaka zitatu zikubwerazi. Michael Barlow anachoka ku Werribee kupita ku Fremantle n'kugwira mpira ka 33 pa masewero ake oyamba mu 2010. Geelong inatenga Tom Stewart pa nambala 40 mu 2016 ali ndi zaka 23, ndipo chaka chotsatira inatenga Tim Kelly wa ku South Fremantle, nayenso wa zaka 23. Inu muli ku Perth, WAFL ili pakhomo panu. Pitani mukaonere, mudzawadziwa anthu amenewa anzanu asanamve mayina awo.

Misampha ilipo. Waukulu ndi masewero okonzekera sizoni: mnyamata amapeza 110 ali pakati chifukwa akatswiri awiri apumitsidwa, ndipo akabwerera iye amabwezedwa kutsogolo kumene amapeza 55. Musanakhulupirire mapointi a masewero otere, onani amene sanasewere tsiku limenelo. Wina ndi avereji imene yakwezedwa ndi masewero awiri okha opambana. Yang'anani mapointi ake otsika, chifukwa wosewera wodalira zigoli tsiku loipa amagwa mpaka 35, pamene wokonda ma tackle sagwa motero. Palinso vuto lakuti wosewera akayamba kuwala, matimu ena amamuyikira munthu womulonda masewero onse, ndipo si onse amene amatha kupirira. Pomaliza, musadzaze timu ndi a mtengo wapakati. Atatu kapena anayi amene muli ndi chifukwa chomveka chowatengera ndi okwanira, ena onse akhale akatswiri enieni ndi ma rookie. Onaninso kuti otchipa anu asakhale a matimu opuma sabata imodzimodzi pakati pa sizoni.

Nthawi yogulitsa imadziwika ndi breakeven, mapointi amene wosewera ayenera kupeza kuti mtengo wake usatsike. Rookie wa avereji ya 60 amene breakeven yake ili pa 15 akupangabe ndalama, musungeni. Breakeven ikayandikira 60 ndiye kuti wafika pamapeto. Mugulitseni mutenge rookie wina watsopano, ndipo ndalama zotsalazo muwonjezere pa wosewera wina kuti mugule katswiri. Mu AFL Fantasy mitengo imasintha wosewera akangosewera kamodzi, pamene mu SuperCoach imadikira masewero ake achitatu, choncho kwa inu kuchedwa sabata imodzi kumadula.

Chinthu china chokhudza inu a ku Perth ndi nthawi. Matimu ambiri amalengezedwa Lachinayi madzulo pa nthawi ya ku Melbourne, ndipo wosewera simungamusinthenso masewero a timu yake akayamba. Mu Malichi, Melbourne imakhala patsogolo panu ndi maola atatu, ndipo kuyambira Lamlungu loyamba la Epulo amakhala awiri. Mu Malichi, masewero oyamba 7:30 usiku ku MCG, bwalo lalikulu la ku Melbourne, ndiye kuti kwanu ndi 4:30 madzulo, mwina mukadali kuntchito. Tcherani alamu ola limodzi nthawiyo isanakwane, muone ngati ma rookie anu onse alidi m'timu, ndipo pa benchi musankhiretu ma emergency (olowa m'malo mwa wosewera wanu akapanda kusewera) amene akusewera sabata imeneyo.