Botolo la nimu lisafike pakamwa pa mwanayo

Achemwali amene mwafunsa za mwana wanu wotupa mapazi, mapazi otupa ndi tsitsi lofiira pa mwana wosakwana zaka ziwiri ndi zizindikiro za kunyentchera, si nkhani ya botolo la nimu ndi chammwamba ayi, ndipo amene akukuuzani mu gulu muno kuti muyambe mwayesa kaye sanaonepo mwana atalefuka m'manja. Dinani chala chachikulu pamwamba pa phazi lake, muwerenge mpaka katatu, muchotse. Pakatsala kadzenje ku mapazi onse awiri, mawa m'mamawa mum'bereke wa kuchipatala, osadikira tsiku la sikelo.

Wanga wachiwiri zinayamba chonchi. Nditatenga pathupi pena iye akuyamwabe, apongozi anati mkaka wawola, anamulanda bere n'kupita naye kumudzi. Kumeneko m'mawa phala la ufa woyera la mchere, masana kansima kosusa msuzi, basi. Mtedza unali m'nkhokwe koma unkadikira mavenda. Pomwe ndinkakamutenga anali ndi masaya aakulu, anthu n'kumati taonani mmene agogo am'nenepetsera. Mapazi atayamba kung'anima nkhani inatembenuka, akuti ndi tsempho, bambo ake amuyendera njira ku tauni. Anatikhazika pansi ngati pa mlandu, mwana ali gone pamphasa. Kenako alamu anga anabwera ndi bambo wina wogulitsa mankhwala azitsamba pa depoti, uja wa sipika yolengeza kuti botolo limodzi limachiza shuga, BP, zilonda zam'mimba ndi kusabereka. Madzi obiriwira owawa, m'botolo lakale la madzi akumwa, lopanda ngakhale kapepala konena zimene zilimo. Thumba la chimanga linapita pamenepo. Mwana atayamba kutsegula m'mimba munthuyo anayankha pafoni kuti, "Mayi, musaope, zoipazo ndiye zikutuluka, wonjezerani supuni ina."

Usiku womwe sindidzauiwala, mwana anasiya kulira. Osati kugona, kungosiya. Maso ali tong'o koma sakundiona, manja ozizira, khungu la m'ntchafu likusupuka ngati wapsa ndi madzi otentha. Ndinamuyika supuni ya madzi pakamwa, madziwo anangotsikira m'khosi kunja. Wa kabaza wa njinga yamoto anakana kaye chifukwa cha mdima, ndinamugwadira pakhomo pake ndi mimba yangayo, zilapato ndinaziiwala. Kuchipatala anesi sanandifunse zambiri, anamubaya kachala kuyeza shuga, anamufunditsa, anamulowetsa kapaipi m'mphuno. Ku wodi ya ana onyentchera ankamupatsa mkaka wapadera wotchedwa F-75 pang'onopang'ono, usana ndi usiku, kutidzutsa ngakhale pakati pa tulo. Ine ndinkafuna kumuphikira phala la soya, iwo anati ayi mayi, thupi lake silingakwanitse panopa, mungamuphe ndi chakudya chomwecho. Kutupa kutaphwa ndi pomwe ndinamuona mwana wanga weniweni: nthiti zowerengeka, matako akhwinyata. Sikelo inatsika m'malo mokwera, ndinalira pabenchi mpaka mayi wina wa bedi loyandikana anandiuza kuti ndi madzi aja achoka, ndiye kuti zikuyenda.

Wa mankhwala uja foni anathimitsa. Nditatuluka ndinamupeza pamalo pomwe paja, sipika ili pakamwa, tayi ali m'khosi, azimayi atamuzinga. Apongozi mpaka lero amati botolo lija ndi limene linatsuka mwana, achipatala anangomalizitsa. Za tsempho palibe anapepesa, ndipo banja langa linatsala pang'ono kutha chifukwa cha bodza limenelo. Nimu kwa khanda si masewera. Madokotala a ku Malaysia ndi India analemba kalekale za makanda amene anakomoka ndi kugwa khunyu atamwetsedwa mafuta a nimu. Koma kuno munthu angothyola masamba kuseri kwa nyumba, kuwiritsa mu ndowa, wasanduka dokotala.

Chimene chinamudzutsa wanga pambuyo pa mkaka uja ndi chiponde cha kuchipatala, ndipo chiponde ndi chiyani? Mtedza womwe uja apongozi ankasungira mavenda, kuphatikiza mkaka wa ufa, shuga, mafuta ndi mavitamini. Bungwe lopanga chiponde la Project Peanut Butter, la Dr Mark Manary, linayambira kwathu konkuno. Likuni Phala nayenso ndi chimanga ndi soya. Zinthu zili m'minda mwathu momwemu. Soya gawo limodzi mwa magawo atatu ndi zomanga thupi zokhazokha, mtedza gawo limodzi mwa anayi, nyemba, khobwe, nandolo ndi nzama zikutsatira pafupi. Ndipo chimene chimaperewera mu chimanga chimapezeka mu nyemba, n'chifukwa chake ziwirizi zimafunika kuyendera limodzi.

Mwana wanuyo akadzachira, phala lake muzipanga ndi mgaiwa, ufa woyera muuiwale. Makapu anayi a chimanga, kapu imodzi ya soya, kukagayitsa limodzi. Soyayo muyambe mwawiritsa n'kuyanika kapena kukazinga, yaiwisi imatupitsa m'mimba ndipo thupi silitengamo zokwanira. Nsinjiro supuni, kadontho ka mafuta, tsiku lina usipa wosinja kapena dzira. Phala likhale lolimba ndithu, losagwa msanga pa supuni. Mtedza muzisankha ndi maso, wachuku, wofota ndi wowawa kutaya, chifukwa chukucho chimawononga chiwindi ndipo kukazinga sikuchichotsa. Amene amagula nsinjiro yosinjasinja kale pamsika, dziwani kuti ena amasinja mtedza womwe wakanidwa. Nyemba muziviika usiku, madziwo kutaya, kuphika mpaka zife, kapena chipere kwa mwana wamng'ono. Tiyi pa nthawi ya chakudya ayi, amatsekereza ayironi. Malambe kapena lalanje ndiye zimathandiza. Kalongonda kwa mwana musayese n'komwe.

Chammwamba chokha ine ndimathirabe, ndisaname. Ndili ndi mtengo wanga pakhomo, masamba ndimayanika pamthunzi, kusinja, kasupuni kakang'ono m'phala likapsa, ndipo ana anga tsitsi lili bii. Koma ndimachitenga ngati ndiwo, mofanana ndi khwanya kapena chitambe chotendera. Ineyonso thupi likaphwanya nimu ndimawiritsa n'kumwa ndithu, amayi anga anatilera choncho, koma ine ndine munthu wamkulu.

Popita kuchipatala tengani buku la kusikelo, zofunda ndi kapu, mwina akugonekani. Ngati mwamupatsa kale za m'botolomo musabise, litengeni akalione. Ndipo ngati akuyamwabe, wina aliyense asakuuzeni kuti mumuchotse kubere, kaya ndi apongozi kaya ndani.